Wilo la Kumbuyo kwa Reki

Lachinayi, 15 July 2010

Alfonsi kwa Edita, 08:12
mlongo zatheka! wilo lagwira. reki siikufukulanso pansi ngati nkhumba, ikungopesa dothi. bwalo la tchalitchi likhala ngati tebulo pofika misa ya panja sunday

Edita kwa Alfonsi, 08:20
wilo lanji achimwene? ndili pa ntchito ku boda ya Mwami, ma truck ali mbwee

Alfonsi kwa Edita, 08:26
ndamangirira wilo kumbuyo kwa reki ya thirakitala. reki ikutsamira pa wilolo ndiye mano sakulowa kwambiri. ena amachita kugula, ine ndapanga ndekha. mutu uwu

Alfonsi kwa Edita, 08:29
poweruka udutse kwa Buruhani wowotcherera ku Kapata, unditengere mabawuti aatali okwezera ndi kutsitsira wilo. usayimbe, foni ndi ya abwana a pa famu. network mpaka ndikwere pachulu

Edita kwa Alfonsi, 08:31
ok. atate ali bwnj?

Alfonsi kwa Edita, 09:50
ali bwino

Buruhani kwa Edita, 17:44
achemwali ndine Buruhani. pepani pomwe mumatenga mabawuti panali anthu, sindinathe kukufunsani. njinga ya atate anu yopalasa ndi manja ija munaiona liti?

Edita kwa Buruhani, 17:47
mwezi watha. bwnj kodi?

Buruhani kwa Edita, 17:55
foloko ndi wilo zimene ndawotcherera pa reki ndi zakutsogolo kwa njingayo. a Alfonsi anati anatola ku scrap. ndazindikira nditamaliza kale

Buruhani kwa Edita, 17:57
pakhosi pa folokoyo pali msoko wanga wa chaka chatha. dzanja langa ndimalidziwa. mtima sukukhazikika

Edita kwa Alfonsi, 18:01
wilo munalitenga kuti?

Edita kwa Alfonsi, 18:09
achimwene ndafunsa

[Edita wayimbira Alfonsi, 18:15. Sanayankhe]

Lachisanu

Edita kwa Alfonsi, 10:38
ndapempha off, ndili kumudzi ku Madzimoyo. njinga ya atate ndaipeza kuseri kwa nkhokwe, yakhalira njerwa. kutsogolo mwadula ndi sowo

Edita kwa Alfonsi, 10:41
atate ndawapeza akuchokera kuchimbudzi chokwawa. kuyambira Lolemba akukwawa. maondo asupuka, zikhatho zilonda zokhazokha, ntchentche pamenepo. munthu wa miyendo yakufa inu nkumulanda yotsalayo

Edita kwa Alfonsi, 10:44
akuti munawauza kt wilo lapita kukakonzedwa ku town. akundifunsa ngati ndabwera nalo. amafuna kundiyalira mphasa, ine misozi

Alfonsi kwa Edita, 12:05
iwe usakuze nkhani. ndangobwereka. monday ndibweza

Edita kwa Alfonsi, 12:07
kubwereka ndi sowo?

Alfonsi kwa Edita, 12:13
foloko yake imatembenuka, ndi yomwe imafunika pokhota. atate masiku ano sayendayenda, amangokhala pakhonde. komanso iyi ndi ntchito ya Mulungu, a komiti ya tchalitchi akudalira ine

Edita kwa Alfonsi, 12:15
Mulungu musamuikemo. amangokhala pakhonde chfkw mwawadula miyendo. mumawadutsa m'mawa uliwonse ali pansi, inu nkukwera thirakitala

Alfonsi kwa Edita, 12:22
amene amakhala nawo ndine. iwe umabwera kamodzi pamwezi ndi shuga nkumadziona ngati sisitere

Edita kwa Alfonsi, 12:24
eya ndimabwera kamodzi, mlandu umenewo ndi wanga. koma sindinawabere

Edita kwa Alfonsi, 14:30
ndawasambitsa, ndawamanga mabala. mabawuti anu ndaponya m'chimbudzi chomwecho. kawatengeni chokwawa

Loweruka

Alfonsi kwa Edita, 07:52
zavuta. wilo lagunda chitsa lapindika ngati 8, masipoko onse mbwerekete. kwatsala ngodya ya kuguwa basi

Alfonsi kwa Edita, 07:55
mawilo akumbuyo aja ndi size yomweyo eti? poti njingayo siikuyenda kale

Edita kwa Alfonsi, 08:03
ndawerenga kawiri kuyesa ndalakwitsa

Edita kwa Alfonsi, 08:04
ndakhala pa njingapo. bwerani ndi sowo yanuyo muyambe ndi ine

Edita kwa Buruhani, 08:20
a Buruhani wilo lija laphwanyika. atate akufuna kupita ku misa mawa, akuti akaone bwalo limene wasalaza mwana wawo. ndilibe pogwira

Buruhani kwa Edita, 08:28
ikwezeni pa vanette ibwere. ndichotsa foloko ndi wilo pa njinga yanga, ine ndili ndi miyendo. moto unawononga unali wanga, womwewo ukonze

Buruhani kwa Edita, 15:10
yatha, ikubwera ndi vanette yomweyo. kutsogolo kwakwera pang'ono koma ikuyenda. ndaiyesa ndekha mumsewu, anthu amandiseka

Edita kwa Buruhani, 16:46
yafika. azungulira mtengo wa mango osafuna kutsika, akuimba. zkm kwambiri, Mulungu akudalitseni

Alfonsi kwa Edita, 17:20
basi usavutike ndamaliza. ndalowetsa wilo la wilibala ya ku tchalitchi mu foloko yomweyo. lagwira bwino kuposa lija

Edita kwa Alfonsi, 17:23
wilibala inalipo nthawi yonseyi??

Alfonsi kwa Edita, 17:31
inali ya eni ake. ndimaopa a komiti

Edita kwa Alfonsi, 17:32
mumaopa a komiti

Lamulungu

Alfonsi kwa Edita, 12:40
wamva mmene a chairman anditchulira pa maiki? bwalo lonse m'manja. atate ndawaona akuombanso. nkhani ija ithere pomwepo eti. sunawauze?

Edita kwa Alfonsi, 13:02
sindinawauze. anaomba m'manja ndi mabandeji awo, kuuza aliyense kt ameneyo ndi Alfonsi wanga

Edita kwa Alfonsi, 13:05
misa itatha anati ndikaone makina a mwana wanga. apalasa okha mpaka kuseri kwa tchalitchi komwe mwaimika thirakitala. ndinalephera kuwaletsa

Edita kwa Alfonsi, 13:08
foloko yawo ya buluu ili pa reki. wilo lopindika munangolitaya pa udzu pomwepo. alitola, alipukuta ndi mkono wa jekete, aliika pamiyendo

Alfonsi kwa Edita, 13:15
ndikubwera ndidzawafotokozere. a komiti andiitanira chakudya, ndikangodya

Edita kwa Alfonsi, 13:19
idyani bwino. tangofika pakhomo andifunsa kt Edita, kwako ku Chipata kungapezeke pogona munthu mmodzi ndi njinga? ndikulongedza zovala zawo

[Alfonsi wayimbira Edita, 13:21. Sanayankhe]

Alfonsi kwa Edita, 13:24
usapupulume mlongo. anthu aziti chiyani, lero lomwe anditamanda

[Alfonsi wayimbira Edita, 14:50. Sanayankhe]

Alfonsi kwa Edita, 15:36
ndafika. pakhomo palibe munthu

Alfonsi kwa Edita, 15:52
Edita, atate anasiya mawu aliwonse?