Ndalama Inagwa Bambo Ali m'Sitima

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Nanga alamu ndi ana akudzuka bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti kachifuwa kakundisowetsa mtendere chifukwa cha fumbi la kuntchito. Nsapato munandigulira zija zatha kuchidendene, koma zikuyendabe.

Ntchito yokolopa ija anandichotsako. Tsopano ndili m'chipinda chapansi pa banki, mmene amasungamo mabuku akale. Ndimayala tsamba pansi pa galasi, kulijambula, n'kutembenuza lina. Mumakhala zii. Kawindo n'kamodzi, kali m'mwamba, moti ndimangoona miyendo ya anthu odutsa mumsewu. Dzuwa likasuzumira cha m'ma teni, fumbi limayandama m'kuwalako pang'onopang'ono, ine n'kuiwala kumene ndili.

Mabukuwa ndi a mitengo yosinthira ndalama ya kuno ndi ya kwathu, tsiku ndi tsiku, kuyambira tisanabadwe. Ankalemba pamanja. Kalaliki wina ankalemba seveni wakamchira, ndipo ndamutsatira zaka khumi ndi chimodzi, mpaka ndimamuona m'maganizo atavula jekete, akupukuta magalasi ake. Zaka zonsezo ndalama imodzi ya kuno inkagula zitatu za kwathu, osasuntha.

Lachiwiri lapitali ndinafika pa chaka chimene bambo anasiya ntchito kuno n'kubwerera kwathu. Mukukumbukira tsiku lija analilemba ndi penti mkati mwa chivundikiro cha sutikesi yawo, limene ananyamuka? Ine manambala ndinaphunzirira pamenepo. Ndinalipeza m'bukumo. Tsiku limenelo mtengo unali womwewo, imodzi kugula zitatu. Tsamba lotsatira lili ndi mzere wofiira wodutsa pakati, ndipo masiku awiri sanalembepo kanthu. Tsiku lachitatu, kuti upeze imodzi ya kwathu unkayenera kupereka zinayi za kuno.

Ndinaitana mkulu wosunga mabukuwa, amene timawatcha a Makiyi chifukwa amamveka ali patali ndi mulu wa makiyi m'chiuno. Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Anandiuza kuti iwo anali atangoyamba kumene ntchito pamene mabanki anatsekedwa masiku awiri, ndalama n'kugwetsedwa osachenjeza munthu. Akuti anthu ankangokhala pansi pakhonde la banki, mapepala awo ali m'manja, osalira. Ndinawafunsa za munthu amene masiku amenewo anali m'sitima, malipiro a zaka zisanu ndi zinayi atawasokerera mkati mwa jekete. Anati ameneyo anakwera ali ndi nyumba ya malata, potsika anali ndi chitseko chokha.

Achemwali, si zimene bambo ankanena zija? Ankati ndalama inagwa iwo ali m'sitima, ife n'kumaseka kuseri kuti inagwera pawindo liti. Amayi ankati ndalamazo bambo anadya ndi mkazi wina wa kuno, abale onse n'kuvomereza. Inenso ndinakulira m'mawu amenewo. Tsiku limene bambo ankasamukira kwa azakhali anandipempha kuti ndiwanyamulire sutikesi mpaka pamsewu. Ndinakana, ndinati anyamule okha, ndi yopepuka poti mulibe kanthu. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Sanandikalipire. Anangoisenza n'kumapita.

Chiyambire Lachiwiri manja akugwira ntchito koma mtima uli m'sitima muja. Ndimawaona atakhala chakuwindo, ali a msinkhu wangawu, dzanja lili pachifuwa pamene pali ndalamazo. Akuwerengera malata mumtima, akusankha mtundu wa makina osokera a amayi. Mitengo ikudutsa, milatho ikudutsa, iwo akumwetulira, sakudziwa kanthu. Ndimalakalaka sitimayo itangoyenda osafika.

A Makiyi andilola kusindikiza chithunzi cha tsambalo, ndipo ndachiika m'kalata muno. Pempho langa ndi limodzi. Mupite nacho kwa azakhali mwezi uno usanathe, poti munandiuza kuti bambo sakutulukanso panja. Muyambe mwawaonetsa amayi muli awiriwiri, modekha. Amayi sananame dala. Anali ndi ana atatu ndi denga lodontha, ndipo panalibe wowafotokozera. Akafuna kupita nanu, mupite nawo. Akakana, musawakakamize.

Mwina maso a bambo sangaonenso manambala. Muwagwiritse pepalalo, muwaike chala pa mzere wofiirawo, muwauze kuti zimene ankanena zinalembedwa, zakhala zili m'buku zaka makumi atatu ndi zinayi.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Azakhali muwathokoze kwambiri, poti iwo okha ndiwo anatsegula chitseko osafunsa umboni. Kwa bambo sindikudziwa moni woyenera. Mungowauza kuti ndamva tsopano, ndipo tchuthi ndapempha kale. Andidikire.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Mzime