Ndinalonjeza Alamu Anga Mavoti a Yuniyoni

Aphungu,

Ndimagwira ntchito ya kheya kuno ku Leicester, kusamalira okalamba m'makomo mwawo, ndipo ndine woimira anzanga ku yuniyoni. Sikudzitama ayi, koma ndikangotsokomola pakhomo la ofesi, amanijala amayamba kukonza rota, ndandanda ya ntchito ija. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma pakamwa pokhapa ndili ndi madigiri atatu.

Pakamwa pomwepa pandiika m'madzi. Alamu anga a Eston, achimwene a mayi akunyumba, akufuna kuimira chipani china pa ukhansala m'dera la Beaumont Leys konkuno. Chipanicho chisankha munthu wake Loweruka la sabata yamawa, zija kwathu timati mapulaimale. Mwezi watha tikuwotcha nyama kuseri kwa nyumba yawo anandifunsa kuti, "Alamu, kodi yuniyoni yanu ija ingandiikire kumbuyo?" Ine nyama ili mkamwa ndinati, "Yuniyoni yake iti? Yuniyoni ndine! Ndibwera ndi anthu mazana atatu pamabasi, mzere wanu ukathera kutali ku Wigston."

Ndimaona ngati zili monga kwathu ku Ntcheu, kumene mumasonkhana pabwalo la sukulu, opikisana n'kutembenuka, anthu n'kufola kumbuyo kwa amene akumufuna. Ayi ndithu. Kuno amavota papepala, ndipo ndi okhawo okhala m'deralo omwe ali ndi khadi la chipani. Anthu anga mazana atatu aja, kunena zoona alipo 42, ndipo a khadi ndi atatu. Mmodzi amakhala ku Oadby, kunja kwa deralo.

Si zokhazo. Komiti ya nthambi yathu ya yuniyoni inakumana n'kugwirizana zoikira kumbuyo wopikisana ndi alamuwo, Zubeda, mayi amene wayenda nafe chaka chonse pa nkhondo yoti tizilipidwa nthawi yoyenda kuchoka kwa wokalamba uyu kupita kwa uyo. Ndinali pomwepo. Dzanja langa linakwera lokha, Aphungu, sindinalitume.

Alamu sakudziwa kanthu. Asindikiza kale timapepala tonena kuti yuniyoni ya ogwira ntchito ya kheya ili pambuyo pawo, ndipo Lamlungu tikaweruka kutchalitchi akufuna tikagawe khomo ndi khomo, ine patsogolo nditavala baji ya yuniyoni. Mlembi wa nthambi akangoona kamodzi, udindo wanga watha. Ndikaulula, mkazi wanga Rozina, amene wauza kale abale onse mpaka kumudzi kuti mwamuna wake ndiye akupanga khansala, andiyang'ana bwanji? Kodi ndingodwala Lamlungulo? Msana wangawu umadziwa kudwala panthawi yake.

D.C., Leicester

A D.C.,

Msanawo usiyeni, ulibe mlandu. Mwandiseketsa, komabe nthawi yatha, choncho tiyeni tione chochita.

Yambani ndi a Rozina, lero lomwe. Asamvere kwa achimwene awo. Akalusa alusiretu m'nyumba mwanu, osati pagulu kutchalitchi.

Mukatero pitani kwa a Eston nokha, ndi miyendo yanu, osati pa foni. Nthabwala muzisiye m'galimoto. Mawu ake ndi ochepa: munalonjeza chinthu chimene si chanu, nthambi yasankha Zubeda, ndipo inunso munakweza dzanja. Chomalizachi musachimeze. Leicester ndi mudzi, adzamva ndithu, ndipo kumvera kwa wina kudzawawa kuposa kumvera kwa inu.

Timapepalato tisatuluke ndi kamodzi komwe. Inu mukuopa za baji yanu, koma amene ali pangozi kwambiri ndi alamu anuwo. Munthu wonama kuti yuniyoni ikumusapota angathe kuchotsedwa pampikisano kuvota kusanayambe, ndipo dzina loti ndi wabodza lingamutsate zaka. Kuwauza msanga n'kuwapulumutsa. Pochotsa mawu amenewo ndi kusindikiza tina, gwiranipo dzanja, poti munayambitsa ndinu.

Mlembi wa nthambi muuzeninso nokha zimene zachitika, ndi kuti mwaziletsa. Wodziulula yekha kawirikawiri amangodzudzulidwa.

Musayese kukanyengerera komiti kuti isinthe maganizo. Yuniyoni ikaikira munthu kumbuyo siimupatsa mavoti m'thumba. Imalembera mamembala ake kalata, imapeza anthu oimba mafoni ndi ogogoda m'makomo, ndipo ovota amamvera chifukwa amakhulupirira kuti dzinalo silinaperekedwe pachibale. Zubeda analigwirira ntchito. Dzanja lanu lija silinalakwe, linadziwa amene anaima nanu. Ngati a Eston akulifuna dzinalo mtsogolo muno, ayambe kufika kumisonkhano yanu, amve madandaulo a anzanu 42 aja. Pakali pano funsani mlembi ngati mungawathandize monga mlamu chabe, baji ili m'kabati.

Chenjezo langa ndi ili. Mukadzamaliza kulankhula, a Eston adzakhala chete, ndipo chete ameneyo adzakuyabwani. Mudzamva mawu akukwera pakhosi oti, "Osadandaula alamu, ulendo winawo ndiye ndibwera ndi chikwi." Lumani lilime. Khalani pampandopo, manja pamaondo, mpaka ayambe okha kulankhula, ngakhale atayamba ndi kukutukwanani.

Aphungu