Dzina Lachitatu pa Khoma la ku Balaka

Amayi anga,

Kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo. Ndine Agnesi wanu, ndikulemba ndili pakhonde kuno ku Balaka, ana asukulu ataweruka.

Ndiyambe ndi zakumudzi. Tereza, mng'ono wanga, wachira mwezi wathawu. Kwabadwa mwana wamkazi wonenepa bwino, wa zala zitalizitali ngati zanu. Amalira ngati walipidwa, koma akuyamwa, ndiye sitikudandaula. Chimanga ku Ngokwe chachita bwino kumunda wakudambo, kumtunda kokha mbozi zinatiyamba. Pio, mlongo wanga, walima thonje pang'ono, akuti akungoyesa. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, tafoleranso. Nkhuku zanu chitopa chinasesa, yatsala yamakani ija inkakujomphani chidendene. Imeneyo ngakhale matenda akuiopa.

Koma chandikhazika pansi lero ndi nkhani ya mpira. Ndikudziwa mukanati, "Agi, yamba wamwa madzi, kenako uziyankhula." Ndamwa, Amayi.

Akuluakulu a masewera kuno anaganiza zolemekeza amayi amene ankasewera mpira wamanja kalekale m'dera lathu lino, kuyambira Balaka mpaka kunyanja ya Chiuta. Mayina awo alembedwa ndi penti pakhoma la holo, kuti atsikana azikula akuwawerenga. Kwa anthu a mpira wakumudzi, ulemu woposa pamenepo palibe. Ine anandiika m'komiti chifukwa ndimaphunzitsa timu ya atsikana pasukulu pathu. Anati tiyambe ndi omwetsa zigoli, anthu atatu okha. Awiri tinagwirizana msanga, poti anakasewera m'matimu akuluakulu ku Blantyre ndipo aliyense akuwadziwa. Pa dzina lachitatu ndi pomwe panavuta.

Ena anatchula Mayi Lusiya Namaona, amene ankagoletsa m'timu ya pano pa Balaka. Ali moyo, akuyendera ndodo, ndipo ali ndi chithunzi chimene anajambulitsa atanyamula chikho. Wina anatchula mayi wamanzere wa ku Ulongwe amene anasewera zaka zambiri osatopa. Wina anati ulemu upite kwa amene anasiya waphunzitsa atsikana ena, osati wongogoletsa. Ine ndinaimika dzanja n'kutchula Rozina wa ku Ngokwe. Dzina lanu, Amayi.

Wapampando ndi a Kalimbuka, mphunzitsi wopuma, munthu wachilungamo koma wokonda mapepala. Anati, "Mayi Agnesi, amenewo ndi amayi anu. Kuyankhula muyankhula, koma povota musakweze dzanja. Tsono umboni muli nawo? Chithunzi, kalata, kapena nyuzipepala?"

Ndinalibe. Chithunzi chanu chija chinali m'sutikesi chiswe chinadya inu mukadali moyo. Chimene ndinali nacho ndi zokumbukira zokha: limu ya njinga imene munakhomerera pamtengo wa bulugama kuseri kwa nyumba, ndi inu mutamanga chitenje m'chiuno, mukutionetsa ine ndi Tereza. Munkati, "Usayang'ane wokutchingayo, alibe nawe ntchito. Yang'ana kumene mpira ukupita." Ndinanena zimenezo, anthu anamwetulira mwaulemu. Bambo wina anati, "Mayi aliyense ndi katswiri kwa mwana wake." Sananame, koma zinandiwawa. Tinabalalika osagwirizana, n'kupangana kukumananso Loweruka linalo.

Ndinamudandaulira Pio pafoni. Sindinadziwe kuti iye, atapita kukagula nsomba ku Chiuta, anakaifotokoza nkhaniyi pathandala pamene amayi amayanika nsomba.

Loweruka lija tili m'kati mokambirana, kabaza anaima pakhomo pa holo. Anatsika mayi wamtali, wokalamba, atafunda mpango woyera kumutu. Ndinawazindikira pamene anawerama polowa. Anali Abiti Ajusa, mnzanu uja ankabwera ndi nsomba zouma pa Khirisimasi, inu n'kumawapititsira nkhuku pa Idi. Ananyamuka kunyanja m'mamawa, matola mpaka pa Liwonde, minibasi mpaka kuno. Mayi Namaona nawo analipo tsiku limenelo, komiti inawaitana, anakhala kutsogolo chithunzi chawo chili pamiyendo.

Abiti Ajusa anapereka moni, sanadikire n'komwe kupatsidwa mpando. Anati, "Ndamva kuti mukufuna pepala la Rozina. Pepala lake ndine. Onani chala ichi." Anakweza dzanja lamanja, chala chapakati chili chokhota. "Chinathyoka ndikuyesa kutchinga mpira wake. Zaka zonse zija ine wa Chiuta, iye wa Ngokwe, womutchinga ndinali ine. Kutalika ndinkamuposa. Ndikakweza manja chonchi, iye ankangobwerera phazi limodzi m'mbuyo, osandiyang'ana n'komwe, mpira uli m'kati. Ndinayesa kumukwiyitsa, ndinayesa kumuseketsa. Iyayi. Tikatha mpira ndi amene ankandimanga chalachi ndi kansalu."

A Kalimbuka anafunsa mofatsa, "Nanga ngati anali wotero, chikho sanatenge bwanji?"

Amene anayankha si Abiti Ajusa. Anali Mayi Namaona. Anadzuka pang'onopang'ono atatsamira ndodo.

"Funso limenelo ndiyankhe ine, poti chikho chake ndi ichi chili pachithunzichi. Chaka chimenecho a Ngokwe anagonjetsa aliyense, anatsala ndi ife. Koma masewero omaliza anachedwa miyezi yambiri, mpaka mvula inabwera n'kupita. Tsiku litafika, ine ndinatsika lole ndikufunsa kuti Rozina ali pati. Anandiuza kuti ali kuchidikiro, masiku ake akwana. Ndikuuzeni zoona, ndinazemba kuseri kwa kalasi n'kukachita chizindikiro cha mtanda."

Holo yonse inaseka. Iwo sanaseke. Anatembenuka n'kundiloza ndi ndodo.

"Mwana anabadwa sabata imeneyoyo ndi uyu wakhala apayu. Chikho ndinachipeza ndi manja anga, sindichita nacho manyazi, ndipo dzina langa sindilichotsa. Koma mukandifunsa amene ndinkamuopa pabwalo, anali mmodzi yekha."

Amayi, zaka zonsezi simunandiuzepo. Ndikakufunsani chifukwa chimene munasiyira mpira, munkangoti, "Bwalo linatalika, mwanangu," n'kupitiriza kupeta. Ndakulakwirani kangati ndili mtsikana, mpaka tsiku lija ndinakuyankhani mwamwano kuti simudziwa kanthu poti sukulu munalekeza panjira. Tsiku limenelo mukanatha kundiuza chimene munasiya chifukwa cha ine. Simunatero. Munangondipatsa ndowa kuti ndikatunge madzi. Zikomo, Amayi. Ndachedwa nayo zikomo ameneyu, koma landirani.

Kenako anavota. Ine manja ndinapinda monga anandiuzira. Mayi Namaona anapambana ndi dzanja limodzi lokha. Sindikubisirani, ndinakwiya. Ndinaona kuti dzanja losowalo linali langa lomwe. Ndinatuluka osatsanzika.

Abiti Ajusa anandipeza pansi pa mtengo ndikupukuta m'maso. Anakhala pamuzu, n'kumasula kamfundo ka mtedza wokazinga.

"Ukulira chiyani, mwana wa Rozina? Lusiya uja ankagoletsa, usamunyoze. Ndipo ali moyo, adzawerenga dzina lake ndi maso ake. Amako lero atchulidwa m'holo ya pa boma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lapendeka. Ine amene ndinathyoka chala wanditchula ndani? Otchingafe ndiye sitiwerengedwa n'komwe. Idya mtedza."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Anakhala kwanga masiku awiri. Anandiuza zambiri za inu zimene sindinkazidziwa: kuti munkasewera osavala nsapato ngakhale dothi litatentha, kuti munakanganapo ndi woyimbira mpira chifukwa anakupatsani chigoli chimene inu munkadziwa kuti sichinalowe bwino. Lolemba ndinawatengera kusukulu. Anaima pakati pa atsikana anga n'kukweza manja aatali aja, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagoletsa. Anachoka akunyada ngati atenga chikho.

Sabata yathayi ndi pamene amalemba mayina. Ndinapita ndithu, ngakhale mtima unkakana. Wolemba zikwangwani anali pamakwerero ndi penti yake, atamaliza mayina awiri oyamba. Akuti ayambe lachitatu, Mayi Namaona anagogoda makwerero ndi ndodo.

"Achimwene, musiye mpata wa dzina limodzi."

"Pansi pa dzina lanu, mayi?"

"Iyayi. Pamwamba."

A Kalimbuka anayandikira, anati komiti sinagwirizane zimenezo. Mayi Namaona anati, "Sindinati mulembepo kanthu. Ndati musiye mpata. Dzina ndi langa, ndikhala pamene ndafuna." A Kalimbuka anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anauza wolembayo kuti achite monga mayi anenera. Tisanabalalike anandiitanira pambali. Anati chaka chamawa akadzawonjezera mayina, adzapempha komiti kuti umboni wapakamwa uzilandiridwa, bola pakhale anthu awiri amene anaona ndi maso.

Ndiye panopa pakhoma paja pali mayina atatu, ndipo pakati pa lachiwiri ndi lachitatu pali malo oyera, otambalala ngati chikhatho. Atsikana anga atapita kukaona anafunsa kuti wolembayo analakwitsa kodi. Ndinawauza kuti iyayi, pamenepo pali mwini wake.

Ndagula kope. Tchuthi chikubwerachi ndiyenda ku Ngokwe, ku Ntaja, ku Ulongwe mpaka kunyanja, ndikalembe zonse zimene amayi akale aja akukumbukira asanatsatire inu kumeneko. Sindilemba za inu nokha. Ndikalembanso za wamanzere uja, ndi za otchinga, kuyambira Abiti Ajusa. Mayi Namaona anena kale kuti tsamba loyamba ndi lawo, ndipo asayina ndi dzanja lawo.

Muwapatse moni abambo. Muwauze kuti njinga yawo Pio akuisamala. Ine ndikulonjeza kuti sinditopa mpaka penti ifike pamalo paja, ndipo tsiku limenelo ndidzabwera kumudzi, pamanda panu, kudzakuuzani pakamwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi