Sitolo ya Pasiteshoni Yapita kwa Mlamu

Lachinayi, mwezi wa June. Tsiku lozizira, loipa.

Lero atsegulira masitolo atsopano aja pasiteshoni ya sitima ku Limbe. Ife amene tinkasokera pansi pa mitengo anatichotsapo chaka chatha, akuti tinkadetsa malo. Anatilonjeza kuti masitolo akatha, oyamba kulowamo tidzakhala ife.

Ndalawirira kuchokera ku Bangwe, makina osokera nditamanga panjinga. Chitseko chimene anandilozera ine ndachipeza chitalembedwa dzina la Bwanali, mlamu wanga, munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kulowetsa ulusi pasingano. Masiku ano amanyamulira chikwama apampando a chipani.

Atandiona wamwetulira. "Alamu, chitukuko n'cha tonse. Ikani makina anu pakhonde pano, muzindisokera mipendero."

Ndangoti zikomo, chifukwa pafupi panali anthu ovala mabaji a chipani. Sitima ya ku Salima itafika, makasitomala anga akale alowa mwa iyeyo, ena osandipatsa n'komwe moni.

Mayi a ana akuti ndivomere, Bwanali ndi mlongo wawo, ndipo ana adya chiyani? Ndawauza kuti bola makinawo ndiwagulitse. Koma mpaka pano sindinawamasule panjinga, ndipo mawa...