Bambo Ako Amangogwedeza Mutu

Wokondedwa mwana wanga Ivy,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Americako pamodzi ndi amuna ako a Killian ndi kamdzukulu kanga Atikonda. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Kuno ku Woolwich tilipo, Mulungu akutisunga. Ine mawondo ndiwo akundivuta, makamaka lifiti ya nyumba yosanja yathuyi ikafa. Bambo ako ayamba kuyenda ndi ndodo, ndipo dzanja lamanja lija layamba kugwira kapu.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pomwe timaonana pafoni Lamulungu lililonse. Nkhaniyi sindingainene iwo ali pambali panga.

Buku unalemba lija, lonena za anthu osungulumwa a m'mabuku akale a ku America, linafika. Bambo ako analiika pamwamba pa TV, ndipo aliyense wa kumpingo akabwera sachoka asanaone dzina lako pachikuto. Ine ndinayesa kuliwerenga, koma Chingerezi chako n'cha kuyunivesite, mutu unandiwawa.

Ndiye ndinatsitsa mabuku enieniwo, aja ankagula pamsika titangothawira kuno, omwe ankakuwerengera uli wamng'ono. Masana aliwonse ndimawawerengera. Koma anthu a m'mabukumu, mayo ine! Munthu ali m'tauni yodzaza anthu, mawu ali pakhosi, koma osanena. Amangoyang'ana pawindo mpaka buku kutha. Ine zimandipsetsa mtima.

Tsono ndikuuze chimene anandiletsa kunena. Sindiwawerengera m'Chingerezi. Ndimawerenga chamumtima, kenako n'kuwafotokozera m'Chichewa. Chiwagwireni sitiroko ija, Chingerezi chinawathawa. Adokotala akuti zimachitika, mwina chidzabwerera, mwina ayi. Chichewa chokha ndicho chinatsala.

Ukamayimba foni, iwe umayesa kuti lilime ndilo lawalemera. Ayi, mwana wanga. Akamamwetulira n'kugwedeza mutu, samva kanthu. Ukangodula, amandifunsa kuti mwana wati chiyani. Anandilumbiritsa kuti usadziwe. Akuti iwo ndiwo anakuphunzitsa kuwerenga, sangaoneke mbuli pamaso pako.

Zinkayenda choncho mpaka ine ndinaziwononga ndekha.

Sabata yatha tinali pa buku la mnyamata wina wochokera kumunda amene anapita kumzinda kukafuna ntchito. Madzulo ankakhala pamasitepe a nyumba ya lendi, kudikira kuti wina amufunse kumene akuchokera. Palibe anamufunsa. Pomaliza anangonyamula chikwama chake n'kukwera sitima. Nditayang'ana bambo ako, ali pampando wawo wa pawindo, mtima sunandilole. Ndinawauza kuti mayi wa nyumba yoyandikana anamuitana mnyamatayo kuti adzadye nawo, ndipo anacheza mpaka kukhala ngati pachibale.

Ndodo inagunda pansi. Anati limenelo ndi bodza, bukulo amalidziwa, mnyamata uja palibe anamuitana. Anati wolembayo sanamunamize munthu, n'chifukwa chake bukulo linkawasunga m'zaka zoyamba zija, pomwe ankabwera kuchokera kuntchito asanalankhule ndi aliyense. Akuti ankaona kuti kwinakwake kuli munthu amene akudziwa zimene iwo akumva. Takhala m'banja zaka zonsezi, koma zimenezi ine ndinali ndisanazimvepo.

Ndinapepesa, ndipo ndinayesa kuti zatha.

Lamulungu utadula foni, ndinawauza kuti wanena kuti wawasowa kwambiri, komanso kuti buku lija unalilemba poganizira iwo. Unaterodi, si choncho? Iwo anandifunsa ngati mawuwo ndi ako, kapena ndawonjezera ngati za mayi woyandikana uja. Ndinalumbira, koma ndinaona kuti sanakhulupirire.

Dzulo andiuza kuti Lamulungu likubwerali ndidzakuuze kuti agona. Akuti atopa kugwedeza mutu.

Ivy, ndikuopa. Akasiya kukhala pafoni, atsala ndi ine ndekha, munthu amene akumuyesa wabodza. Sadandaula, amadya bwino, amamwa mankhwala. Koma ndimawaona akugwira buku lako, kulitembenuza, n'kulibwezera pamalo pake.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Lamulungu foni ndidzawaikira m'manja, afune asafune, ine n'kupita kukhitchini. Udzalankhule nawo m'Chichewa. Ndikudziwa udzati Chichewa chako n'chothyokathyoka, kuti kuyambira uli kusukulu tikakufunsa unkayankha m'Chingerezi. Chithyoke, palibe kanthu. Akuseke, akukonze, bola amve kuchokera pakamwa pako. Ukadzasowa mawu usadzandiitane, sindidzabwera.

Adzakwiya nane kuti ndaulula. Zimenezo ndidzathana nazo ndekha.

Undiperekere moni kwa a Killian, ndipo Atikonda umuuze kuti agogo akuluka juzi yake. Ambuye akusungeni nonse.

Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Ngati wawerenga mpaka pano, ndiye kuti ukhoza kulankhula ndi bambo ako.

Ndine mayi ako,
Esnat