Mano a Giya Yachiwiri

Kanakantapa, Chongwe
21 Ogasiti 1989

Okondedwa achemwali a Mainess,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko pamodzi ndi alamu. Kuno amayi akudandaula mawondo, koma kumunda saphonya.

Munamva kuti a Tenson, tcheyamani wa chipani, anandilanda lole ya kopaletivu pamsonkhano, ati ndilibe kadi ya chipani, nkuipereka kwa mphwawo Lawson. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuiyendetsa, achemwali! Anthu anaomba m'manja.

Mukukumbukira atate akutiwerengetsa mano a magiya pa thumba pansi pa mango? Ankati yaing'ono ya mano khumi izungulire kanayi kuti yaikulu ya mano makumi anayi izungulire kamodzi. Ndiyo giya yoyamba: liwiro lochepa, mphamvu zambiri. Mano akayandikira kufanana, galimoto imathamanga koma siikwera phiri.

Chaka chatha giya yachiwiri inathyoka. Zipangizo kulibe, ndiye ndinaikamo za lole ina yakufa, zamano pafupifupi ofanana. Yachiwiriyo tsopano njofooka ngati yachitatu. Pa chitunda cha kumtsinje uyenera kukwawa ndi yoyamba mpaka pamwamba. Wodziwa ndinali ndekha.

Potenga makiyi Lawson anati, "Mdala, kuli chimene nifunika kudziwa?" Kenaka anaseka. "Kapena munali kungogona pa sitelingi?"

Ndinati, "Kulibe, mwana wanga. Yendani bwino."

Lachisanu anadzaza chimanga. Pakati pa chitunda anaponya yachiwiri, injini inazima, lole inabwerera chambuyo mpaka mumtsinje. Iye analumpha osavulala. Ine ndinali chilili pa mlatho, ndipo sindikunamizani, mtima unazizira ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

A Tenson abwera kale kawiri, chipewa kumanja. "Ba Yotam, tithandizeni kukonza lole, ise ndise amodzi." Ndawauza kuti ndikuganiza. Azungulire kanayi, ine ndidzatembenuka kamodzi, ndipo adzandipepesa pa bwalo la msonkhano lomwe lija.

Koma pali china. Mwa matumba anamira aja, asanu ndi anayi anali a amayi, chimanga chonse cha chaka chino. Ndinawaona akukwezedwa, koma Lawson sindinamuchenjeze. Dzulo amayi amandisisita phewa, amvekere, "Ukanayendetsa iwe, mwanawe, sizikanachitika."

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti mubwere pa Khisimasi. Mukabwera mudzanyamule ufa, ndipo kalatayi musadzabwere nayo.

Ine mlongo wanu,
Yotam