Chiwombankhanga Sichisala Kudya

Bahir Dar,
Pakati pa kusala kwa Hudade, kokonzekera Pasaka

Okondedwa achemwali anga a Tiruwork,

Ndikupereka moni m'dzina la Mulungu amene watisunga mpaka lero. Muli bwanji kumeneko? Nanga Amayi, mwendo wawo uja unasiya kutupa? Alamu anga ndi ana akudzuka bwanji? Ine kuno m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo, ndipo n'chifukwa chake ndakulemberani.

Mudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni. Mukudziwa kuti kwathuko foni ikalira aliyense amasiya chimene akuchita n'kudzatchera khutu, ndipo ine ndikadziwa kuti anthu akumvetsera, mawu amandithera pakhosi. Choncho kalatayi muwerenge muli nokha, ndipo mufike nayo kumapeto musanayambe kundikalipira. Mukhululukenso kalembedwe kangaka.

Paja mukudziwa kuti ndimagwira ntchito kwa a dokotala Sintayehu, dokotala wa nyama uja amasunga mbalame zodwala za kutchire kuseri kwa nyumba yawo. Ndimasesa m'makola, kusintha madzi ndi kuzidyetsa. Zonse ndi mbalame zodya nyama: miimba, mphamba, nthawi zina nkhwazi. Ndikukumbuka mmene munasekera nditakuuzani, muli ine amene ndinkagenda mphamba kuti isatenge anapiye a Amayi, lero ndikuitsukira mbale.

Chiyambireni kusala, mbalame zodwala zachuluka. Mabutchala onse a chizindikiro cha mtanda anatseka, kophera ng'ombe kwa Akhristu kuli zii, ndiye mbalame zimene zinkadya zotaya za kumeneko zikugona ndi njala. Anthu akumazitola zili pansi, zikulephera kuuluka.

Ine ndinkaganiza kuti ndi njala yokha, koma a dokotala akuti pali chinanso. Akuti m'magazi a mbalamezi mumakhala tizilombo, abale ake a tizilombo ta malungo, koma ta mbalame zokha, munthu sangatenge. Timalowa ndi udzudzu ndi tintchentche toluma ta m'madambo. Mbalame ikamakhuta imayenda nato osadwala. Ikangofooka ndi njala, timachulukana n'kuyamba kuitha magazi. Tsiku lina anandiitana kuti ndisuzumire m'kachipangizo kawo koonera tinthu tosaoneka ndi maso. Ndinaona tinthu tobulungira tambirimbiri ngati mphodza zomwazika pa lichero, ndipo m'kati mwa tina munali kanthu kopindika ngati chikhadabo chowenga. Anati kameneko ndiye kamdaniko. Thupi lonse linandiyabwa.

Magazi amenewo anali a chiwombankhanga chimene anabwera nacho anthu otola zinyalala, atachikulunga m'thumba. Achemwali, mbalame yaikulu chonchija inali yopepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Fupa la pachifuwa linali lakuthwa, m'kamwa muli mbuu ngati thonje. A dokotala anachipatsa mankhwala, koma anati mankhwala okha sangachidzutse, chikufunika nyama yaiwisi tsiku ndi tsiku, makamaka chiwindi ndi mtima, kuti magazi abwerere. Tinayesa nsomba za kunyanja, chinangotembenuka n'kutipatsa msana.

Inu mukudziwa kumene nyama imapezeka pa Hudade. Ndi kwa mabutchala a chizindikiro cha mwezi basi, kwa Asilamu.

A dokotala sakhalitsa pakhomo, amakhala ali kutchire kugwira mbalame zamoyo, kuzitenga kadontho ka magazi n'kuzisiya. Tinatsala awiri, ine ndi a Gashe Demeke, mlonda wathu wachikulire. Nditawapempha kuti azikagula ndiwo, anagwira mtanda wawo n'kubwerera m'mbuyo. Ati iwo mwendo umodzi uli kale m'manda, ndiye ndikufuna akafike pamaso pa Mikaeli Woyera akununkha chiwindi cha Asilamu? Ati bola atsuke makola onse ndi lilime. Motero ntchito inagwera ine.

Tsiku loyamba ndinaima kutsidya kwa msewu nthawi yaitali. Mwini butchala, a Endris, ndi amene anandiitana, ati mwana wanga bwera, nyama yakufa siluma. Nditanena chapansipansi kuti ndi ya chiwombankhanga, anaseka mpaka kuika mpeni pansi. Ati ndiye kuti mbalameyo yalowa Chisilamu, ndikaiuze kuti Lachisanu isachedwe ku mzikiti. Ndi munthu wabwino. Amandisungira chiwindi, ndipo amakulunga m'mapepala awiri kuti chisandikhudze m'manja.

Ndikulumbira pa mtanda umene ndinabatizidwa nawo, achemwali, nyama imeneyo sinafikepo pakamwa panga. Ndimaidula ndi mpeni wakewake, ndikatha ndimasamba m'manja ndi phulusa ndi sopo. Sindilawa kanthu mpaka mapemphero a masana atatha, ndipo chimene ndimadya ndi mkate wa injera ndi shiro, ndiwo ya ufa wa nyemba ija, monga kwathu.

Koma pali chimene ndinkachita chifukwa cha manyazi. Popita kumeneko ndinkadzera kanjira kakuseri, nditafunda nsalu yanga ya netela mpaka m'maso. Ndiponso chingwe cha mtanda wanga ndinkachilowetsa m'kati mwa diresi. Ndinkaona ngati sibwino kuti mtanda uonekere pakhomo ngati limene lija pa nyengo ya kusala. Ndinkati ndikuulemekeza.

Loweruka lapitali, ndikutuluka kwa a Endris ndi phukusi m'manja, ndinamva munthu akuti, kodi uyu si Wubalem, mwana wa a Emawayish? Anali mayi Yalemzerf, azakhali ake a Alehegn, dikoni wonditomera uja, ali ndi mayi wina amene sindikumudziwa. Anabwera m'tauni kudzagula nsalu za ukwati wathu womwewu, ndipo anali atazinyamula kukhwapa.

Ndinauma. Netela inatsetsereka kumutu. Iwo anayang'ana chizindikiro cha mwezi pamwamba pa khomo, anayang'ana phukusi, limene linali litayamba kudontheza magazi paphazi langa, kenaka anayang'ana pakhosi panga. Panalibe chingwe chooneka. Anayang'anapo nthawi yaitali.

Anauza mnzawoyo kuti aone bwino, uyu ndiye mkwatibwi wa dikoni. Kenaka anandifunsa mokoma, ngati akufunsa mlendo, kuti kaya ndi ya nkhomaliro kapena ya chakudya cha madzulo. Ine chimene ndinatha kutulutsa ndi chakuti, ndi ya mbalame. Anawomba m'manja. Ati mbalame yake yotani imeneyo mwana iwe, yovala thalauza? Mnzawoyo anaseka, ena odutsa anaima. Ndikanangotulutsa mtanda wanga n'kuwaonetsa. Ndikanawauza kuti tiyeni mukaone. Koma mukundidziwa. Ndinathawa, achemwali, ndinathamanga ngati wakuba, phukusi lili m'manja.

Mawa lake sindinapite kwa a Endris, ngakhale mkuja wake. Ndinati basi, ingofa mbalameyo, kodi ndi mbale wanga? Koma nditalowa m'khola m'mawa wa tsiku lachitatu ndinachipeza chatsika pamtengo pake, chakhala pansi, phiko limodzi lili lende, maso ali otseka theka. Chisanafike pamenepo chinali chitayamba kuima bwino ndi kunditsegulira kamwa moopseza. Ndinaimbira a dokotala ndikulira. Sanakalipe. Anangoti tizilombo tija sitinathe, timadikira njala yomweyo, ndipo chikagwanso kachiwiri mwina sichidzuka.

Ndinasowa mtengo wogwira, ndiye ndinapita kwa wansembe wa tchalitchi chimene ndimapemphera kuno, a Aba Mezgebu. Anandiuza kuti ndikhale pansi. Atamva zonse anaseka mpaka kutsokomola. Anandifunsa kuti chiwombankhangacho chinabatizidwa liti, ndipo anachiimira pa ubatizo ndani. Ati kusala ndi kwa pakamwa panga, osati kwa mimba ya mbalame, ndipo amene anailenga ndi mlomo wokhota ankadziwa kuti sidzadya shiro. Koma nditanena za chingwe chija anasiya kuseka. Ati pamenepo ndiye ndinalakwa, mtanda sabisa, ukaubisa anthu amaona ngati wautaya. Potsanzikana anati iwo andimasula, koma makutu a anthu a kwathu alibe nawo mphamvu.

Tsiku lomwelo ndinabwerera kwa a Endris. Ati anayamba kuda nkhawa kuti Msilamu mnzawo wa mapiko uja wabwerera kwa Akhristu.

Tsopano mantha anga ndi awa. Mayi Yalemzerf ali kwa mwana wawo kuno, ndipo ndamva kuti akwera basi yobwerera kwathu tsiku la msika likubwerali. Mukuwadziwa akakhala pa khofi. Asanathire kapu yachitatu mudzi wonse udzakhala utamva kuti ndinavula mtanda, ndikudya nyama ya Asilamu pa Hudade, ndipo ndili ndi mwamuna m'tauni. Mkazi wa dikoni safunika kukhala ndi kankhani ngakhale kakang'ono. Akuluakulu a tchalitchi akangomva, ukwati wovekana zisoti pa guwa uja sudzachitika. Ndikaganiza za Amayi, mmene akhala akupotera thonje ndi kusinja tsabola chiyambire dzinja, ndi mmene adzadutsire pakhomo la tchalitchi anthu akuwayang'ana, ndimadziimba mlandu.

Za Alehegn sindidziwa kunena kwake. Sitinalankhulanepo zambiri. Koma tsiku limene ndinkanyamuka anandinyamulira katundu mpaka pa basi, ndipo basi itanyamuka ndinamuona akadali chiimire. Sindikufuna kuti amve za ine kuchokera kwa azakhali ake.

Pempho langa ndi limodzi. Mutenge alamu, mupite kwa Alehegn iwo asanafike. Mumuuze zonse monga ndalembera, ngakhale za chingwe ndi za kuthawa, musabisepo. Ndipo mumupemphe kuti abwere kuno adzaone ndi maso ake. Ine sindingathe kumuitana ndekha, si mwambo wake, ndipo ngakhale ukanakhala mwambo, pakamwa panga sipakanatseguka.

Mwina muti a dokotala kapena a Aba angandichitire umboni. Koma kwathuko adzati anthu a m'tauni amabisirana. A Gashe Demeke akuti iwo anena zonse, koma akayamba kulankhula amayambira pa nkhondo ya Ataliyana, ndipo munthu amagona asanafike pa nkhani. Alehegn akadzaima pakhola, nadzaona mbalameyo ikumeza chiwindi chimene ndadula, sipadzafunikanso mawu anga. Mboni yanga yeniyeni ndi imeneyo.

Koma achite changu. Chiwombankhanga chija chayambanso kudya mwaukali. Dzulo chinauluka kuchoka kumapeto kwa khola mpaka kumapeto ena, mphepo ya mapiko ake inandigwetsera netela pansi. M'kamwa mwayamba kufiira. A dokotala anayang'ananso magazi ake, akuti tizilombo tachepa kwambiri, ndipo chikangolimba akachisiya kuphiri. Ndinawapempha kuti achisungeko mpaka Pasaka. Anandimvera chisoni, koma akuti sangathe, mbalame yochira ikakhalitsa m'khola imathyola nthenga pa waya ndi kutuluka zilonda kumapazi, ndiye tidzakhala tachichiritsa pachabe.

Ndiye mukuona mmene zilili. Ndikamachidyetsa bwino, ndi pamenenso chikufulumira kuchoka. Lero m'mawa ndikudula chiwindi, maganizo anandibwerera akuti ndichepetseko pang'ono, chichire pang'onopang'ono, palibe angadziwe. Ndinaima ndi mpeni m'manja. Icho chinali chikundiyang'ana ndi diso limodzi, mutu chitapendeketsa. Ndinachipatsa chonse.

Alehegn akachedwa adzapeza khola lopanda kanthu ndi nthenga ziwiri zitatu pansi. Pamenepo adzayenera kusankha yekha wokhulupirira, azakhali ake kapena ine, ndipo ndikuopa, achemwali, ndikuopa kwambiri.

Amayi musawauze kaye mpaka mutaonana ndi Alehegn. Mungowapatsa moni wanga, muwapsompsone mawondo m'malo mwanga, ndipo muwauze kuti ndikusala bwino, pakuti ndi zoona. Moni kwa alamu anga, ndikudziwa kuti ndawasenzetsa katundu wolemera. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa amalume ndi banja lonse, ndi kwa ana anu onse, makamaka wamng'ono uja amene sanandizolowerebe.

Mawa m'mawa ndipitanso kwa a Endris. Ndidzera msewu waukulu, nkhope ili poyera, mtanda uli pamwamba pa diresi. Mbalameyo iyenera kudya.

Mulungu atikumanitse tili amoyo.

Ndine mng'ono wanu,
Wubalem